Sikopu Yanga ndi Miyendo Imene Anagula Amayi Anu

Tadala, iwe ndi mlongo wako Yamikani, ndikulemba m'kope lino chifukwa pakamwa panga mumapadziwa. Paja mumati agogo akanena mawu khumi pa tsiku ndiye kuti malungo awagwira. Dzana, Tadala, unandipeza pakhonde ndi foni yako, n'kundionetsa zithunzi za magalasi oonera patali. Unati kumene ukupita kukaphunzira ntchito yolondera nyama kunkhalango, amene angathe apite ndi lake. Unandifunsa kuti, "Agogo, inuyo ndiye katswiri, ndisankhe liti?" Ine ndinati ndiganize kaye. Unaseka, n'kuti, "Ndiye mpaka Khirisimasi basi."

Funso lako ndikanaliyankha pomwepo. Chimene chinandiletsa n'chakuti sindingakuphunzitse kusankha galasi ndi miyendo yake yoliimikapo popanda kukuuza zimene ndinaona nalo tsiku lomaliza la amayi anu. Ndinaona kanthu pamwamba pa nyumba yawo ku Chilobwe. Ndinawaimbira foni, tinalankhulana, koma sindinawauze. Ndakhala nazo ndekha chiyambire chaka cha namondwe Freddy. Werengani mpaka kumapeto, kenaka muone nokha chochita nane.

Ndiyambire ku Ndirande, chifukwa kusalankhula kwangaku kunayambira kumeneko. Makolo anga sindikuwadziwa nkhope. Anandilera ndi agogo anga aakazi, aNankhoma, amene ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba. Musaganize za gogo wonenepa wa nthano. Anali mayi wouma ngati nkhuni, wa maso ofiira ndi utsi, ndipo ankatukwana makasitomala ake onse mofanana. Ntchito yanga inali kukhala pamwala waukulu pamwamba pa njira, kuyang'ana apolisi. Anzanga akumenya mpira wachikulunga kumunsi, ine ndili pamwala. Ndinafika podziwa munthu ndi kayendedwe kake akadali kadontho.

Tsiku lina ndinaona amuna atatu ovala kaki akukwera njira yathu. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse, "Apolisi!" Agogo anagubuduza mgolo wonse wa madeya ndi shuga umene unali utasasa masiku asanu, zonse n'kupita mu ngalande. Amuna aja atafika, tinapeza kuti anali opopera mankhwala a udzudzu. Anatipatsa moni bwinobwino n'kudutsa. Abakha a aneba analedzera tsiku limenelo, ankayenda chogwa, anthu n'kumaseka. Agogo sanaseke, ndipo sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anakhala pansi kuyang'ana ngalandeyo, kenaka anati, "Mwana iwe, maso uli nawo. Koma usadzakuwenso usanaonetsetse. Tidya chiyani sabata ino?" Tinadya mapapaya osapsa, ophika ndi mchere.

Inu a masiku ano mukangomva kuti kwinakwake kwaphulika tayala, mwalemba kale pafoni kuti kwagwa ndege. Ndinkakusekani nazo zimenezi. Pano sindisekanso.

Nditakula ndinapeza ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina wa ku kampani ya fodya ku Limbe. Tinkamutcha Chindevu. Tsiku lina ndikuthirira maluwa ndinamuuza kuti m'phiri muli anthu anayi akudula mtengo, mmodzi wavala chipewa choyera. Anakatenga magalasi ake m'nyumba, anayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso. Chaka chimenecho mvula itatha ananditenga ku Luangwa, m'dziko la Zambia, kumene ankapita kukasaka nyama zikuluzikulu ndi chilolezo cha boma: njati, ngoma, mphalapala. Ulendo unali wa masiku atatu pa jipi, fumbi mpaka m'mano. Tinkadya nyama yoyanika padzuwa ndi tiyi wa m'chitini cha jamu. Iwe Yamikani, amene umadandaula minibasi ikaima mphindi zisanu pa Ginnery Corner, ukanalira tsiku loyamba lomwelo.

Mfuti sindinaigwirepo. Ntchito yanga inali galasi la diso limodzi, lalitali ngati mkono, limene alenje ankalitcha sikopu, ndi miyendo yake itatu yoliimikapo. Ndinkakhala pachulu kapena pamtunda, kuyang'ana gulu la nyama lili kutali, n'kusankha imene bwana aiombere. Chilolezo chinkati yamphongo imodzi yokalamba. Ukalakwitsa n'kuphetsa yaikazi kapena yaing'ono, chipolopolo sichibwerera.

Amene anandiphunzitsa ndi Che Saidi, dalaivala wa jipi, Myao wa ku Mpingwe, bambo wachikulire woyenda motsimphina. Tisananyamuke ulendo wachiwiri, bwana anaika masikopu awiri patebulo pakhonde, n'kuti ndisankhe ndekha popeza diso ndi langa. Ndinathamangira imene inkakuza kwambiri. Ndinkaona nayo misomali padenga la nyumba ya kutsidya. Che Saidi anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwanache, wasankha ngati munthu wosankha mkazi pa chithunzi. Taigwira m'manja, uyang'ane khwangwala uyo."

Ndinayang'ana. Khwangwala ankavina, kulowa ndi kutuluka m'galasi.

"Akuvina ndi khwangwala kapena ndiwe?"

"Ndine."

"Eya. Chikamakuza nyama chimakuzanso kunjenjemera kwako. Ndipo kuchigwa kuja dzuwa likakwera, mpweya umawira, uona njati ikusambira m'mwamba. Tenga inayo. Ili ndi galasi lalikulu kutsogolo, imamwa kuwala kwambiri. Nyama zimayenda m'mawa kusanayere ndi madzulo, si masana ngati makalaliki."

Kenaka anandikokera ku miyendo. Inalipo iwiri, ina yachitsulo chopepuka, ina yamtengo, yolemera ngati mwana wa zaka zitatu. Ndinadziwa kuti wonyamula ndine, choncho ndinaloza yopepuka. Che Saidi anaimika yonse iwiri, anaikapo sikopu, n'kumenya mwendo umodzi ndi chala. Pa yopepuka chithunzi chinanjenjemera mpaka ndinawerenga kasanu. Pa yamtengo chinangogwedezeka kamodzi n'kukhala bata.

"Udzanditukwana pokwera chulu," anatero, "koma pamwamba udzandithokoza. Galasi labwino pa miyendo yoipa ndi galasi loipa."

Tadala, yankho la funso lako ndi limenelo. Yamba wasankha miyendo. Uimenye ndi chala m'sitolo momwemo, asakuletse. Mutu wake uzitembenuka mosalala, osati modumpha, ndipo ukaumanga uzikhala pomwepo osagwera kutsogolo. Ikhale ndi kokoloweka pakati, kuti mphepo ikavuta upachikepo thumba la miyala. Galasi usatengeke ndi manambala akuluakulu. Ona kukula kwa diso lakutsogolo, ndipo ufunse ngati silichita nthunzi m'kati kukazizira. Zatha. Ukanatha kuzimva pakhonde paja m'mphindi ziwiri.

Panali lamulo linanso, ndipo ndi limene ndalembera kope lino. Che Saidi ankati woyang'ana salankhula asanaone katatu. Uyang'ane, uchotse diso, upume. Uyang'anenso, uchotsenso. Kachitatu ukaona zomwezo, ndiye ukhudze phewa la bwana. Mwendo wawo wotsimphinawo unathyoledwa ndi njati imene inavulazidwa chifukwa wina anafulumira kunena. Lamulolo linandilowa mosavuta, chifukwa linapeza mawu a agogo anga ali kale m'kati. Zaka zonse zimene ndinapita ku Luangwa sindinalakwitsepo nyama ngakhale imodzi. Ndinkanyada nazo. Chindevu pobwerera kwawo anandisiyira sikopu ndi miyendo yamtengo ija.

Zina mukuzidziwa. Ndinagwira ulonda m'masitolo, ndinakwatira agogo anu, tinamanga kuno ku Zingwangwa, tinabereka mwana mmodzi yekha, Esinati, amayi anu. Agogo anu aakazi atamwalira, ndiponso bambo anu atapita ku Joni osabwerako, Esinati anapeza kamalo kumtunda kwa Chilobwe, m'phiri la Soche, kumene kunali kotheka kwa mayi wosoka zovala. Ndili mnyamata kumeneko kunali nkhalango, anyani okhaokha. Ndinaona mitengo ikutha chaka ndi chaka, nyumba zikukwera. Sindinanene kanthu. Munthu akamange kuti?

Nyumba yanu inkaoneka kuchokera pakhonde pano. Ndi maso inali kadontho, koma mu sikopu ndinkaona chitseko chobiriwira, chingwe choyanikapo zovala, mwala waukulu kumtunda kwake ndi mtengo wa bulugamu pambali pa mwalawo. Esinati anatulukira kuti ndimayang'ana. Anati, "Adadi, anthu adzakumangitsani, adzati mumazonda akazi a eni akusamba." Koma kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankayanika chitenje chofiira kumapeto kwa chingwe, kutanthauza kuti tadzuka bwino. Iwe Yamikani unkatumidwa kukachiyanika, ndipo nthawi zina unkaiwala, ine n'kumaotcha mayunitsi kufunsa ngati kuli matenda.

Chaka chimodzi Freddy asanabwere, Esinati anandipeza ndikukoka miyendo yamtengo ija kutuluka nayo pakhonde, ndikupuma ngati ng'ombe. Loweruka lotsatira anabwera ndi phukusi la mumsika wa Limbe. Munali miyendo itatu yonyezimira, yopepuka ngati ambulera, ija achinyamata amaimikapo foni pojambula mavidiyo.

"Adadi, chimtengo chanucho chikuthyolani msana. Iyi mukhoza kunyamula ndi chala chimodzi."

Ndinaiimika, ndinaimenya ndi chala. Chithunzi chinavina mpaka ndinawerenga kasanu ndi kawiri. Esinati anali ataima pambali, manja m'chiuno, akumwetulira.

"Bwanji? Si yabwino?"

"Ndi yabwino," ndinatero.

Ndinanama kuti asakhumudwe. Ndipo kunena zoona, msana wanga unakondwera. Kuona chitenje chofiira sikufuna miyendo yolimba. Yamtengo ija ndinaitsamiritsa kuseri kwa bafa, ndikuti ndidzaipaka mafuta. Mvula inainyowetsa, chiswe chinamaliza.

Mvula ya Freddy mukuikumbukira, sindikufotokozerani. Itayamba, Esinati anakutsitsirani kuno chifukwa chipinda chanu chinkadontha. Iye anabwerera kumtunda. Anali ndi mayunifolomu a ana a sukulu amene anthu anamusiyira, ndi mashini ake osokera, ndipo ankati nyumba ikakhala yopanda munthu akuba amalowa ngakhale kukugwa mvula.

Tsiku lomaliza lija, chakumadzulo kusanade, inu muli m'nyumba mukusewera bawo, mvula inapepuka pang'ono ndipo chifunga chinang'ambika paphiri. Ndinatulutsa sikopu. Mphepo inkakankha miyendo ija ngati udzu. Ndinapeza chitseko chobiriwira, ndinakweza pang'ono kufuna mwala. Ndipo ndinaona ngati bulugamu uja wapendekeka, mutu wake waloza kumunsi. Pamwamba pa mwala panali mzere wofiirira, ngati madzi amatope akutuluka m'nthaka pamalo pamene sipanakhalepo mtsinje.

Koma zonse zinkavina. Mwala unkavina, nyumba inkavina. Ndikanadziwa bwanji kuti wapendekeka ndi mtengo osati galasi langa? Ndinachotsa diso, ndinapuma. Kumeneko kunali kuona koyamba.

Ndinathamangira kuseri, ndinatola njerwa, ndinaiika mu jumbo kuti ndipachike pakati. Miyendo ija inalibe pokoloweka. Ndinamangirira ndi chingwe cha nsapato. Nditaikanso diso chithunzi chinakhala bata kanthawi kochepa, kokwanira kupuma kamodzi. Mzere uja unalipo. Ndikuganiza kuti unali utakula. Kenaka mwendo umodzi unafupika wokha chifukwa cha kulemera kwa njerwa, sikopu inagwada, ndipo pamene ndinkaiwongola chifunga chinatseka phiri lonse. Ndinadikira pakhonde mpaka malaya ananyowa. Sichinatsekukenso.

Kawiri. Kapena ndinene kuti kamodzi ndi theka.

Magetsi anali atazima, koma foni yanga inali ndi kamoto pang'ono. Ndinaimba. Anayankha msanga, mvula ikumveka padenga lake.

"Adadi! Ana akuvutani?"

"Ayi, ali bwino. Kumeneko kuli bwanji?"

"Madzi ali ponseponse, koma mashini ndawakweza patebulo. Ndamaliza madiresi asanu ndi limodzi. Mwandizondanso ndi chigalasi chanu, eti? Chitenje musachifune lero, sichingaume."

"Kuseri kwa nyumba, kumtunda, wayang'anako?"

"Ndituluke ndi mvula imeneyi? Bwanji, mwaona chiyani?"

Ana inu, anandifunsa. Sanandisiye mpata woti ndidzanene kuti sanafunse. Ndinali nditagwira foni, mawu ali pakamwa. Ndipo ndinaganiza za njira yotsika phiri, yoterera, mitsinje itadzaza, mdima ukubwera. Ndinaganiza za iye akusiya nsalu za eni ake ndi mashini, akuba n'kulowa, mawa lake phiri lili chiimire, bulugamu ali chilili, anthu n'kumati mdala uja ndi galasi lake wasokoneza mwana. Ndinaona madeya a agogo anga akuyenda mu ngalande. Ndinali ndisanaone kachitatu.

"Palibe," ndinatero. "Sikukuoneka bwino."

"Ndiye lowani m'nyumba, mudwala chibayo. Mawa ikakata nditsika ndi mandasi. Muwauze ana asambe, Yamikani asakunamizeni kuti madzi akuzizira."

"Chabwino."

"Tionana, adadi."

Chimene chimandipha n'chakuti Esinati akanatsika. Mayi wina aliyense akanatsutsa, akanati bambo akalamba. Koma iye anakula akudziwa kuti bambo ake sanena chinthu asanatsimikize. Ndikanangoti, "Esinati, tseka chitseko utsike pompano," akanavala jekete osafunsa chifukwa. Kusalankhula kwanga kwa zaka zonse kunapatsa mawu anga kulemera kokwanira kumutsitsa m'phirimo. Ndipo pamene ndinati palibe, anakhulupiriranso chimodzimodzi. Anagona mtima uli pansi chifukwa adadi ayang'ana ndipo sanaone kanthu.

Phiri linatsika kusanache. M'mawa ndinakwera ndi anthu ena, matope mpaka m'mawondo, miyala ikuluikulu ngati minibasi itakhala pamene panali makomo a anthu. Sindinathe kuloza pamene panali nyumba yanu, ine amene ndinkaidziwa mpaka misomali ya pachitseko. Mwala uja kunalibe. Bulugamu ndinamupeza kumunsi kwenikweni, mizu m'mwamba. Amayi anu anapezeka patapita masiku, ndipo zimenezo munazionera nokha.

Pamaliro anthu ankandigwira dzanja n'kumati zinali zosadziwika, palibe akanadziwa. Abusa ananenanso zomwezo. Iwe Tadala unandipukuta nkhope ndi mpango wako, n'kuti, "Agogo, mwayi munalankhula nawo komaliza." Ndinangogwedeza mutu. Kuyambira tsiku limenelo mwakhala mukundiphikira, kundichapira, kundiseka kuti ndimatulutsabe sikopu m'mawa uliwonse ngati kuli njati ku Soche. Simunandifunsepo chimene ndimayang'ana. Ndimayang'ana chipsera chija paphiri. Udzu wayamba kumerapo, ndipo chaka chino ndaona wina akuumba njerwa chapafupi. Tsopano kukakhala bata ndimaona bwinobwino, katatu, kakhumi, kangati konse ndingafune.

Ndayesa kuitembenuza nkhaniyi mbali zonse. Ndikanasunga miyendo yamtengo, ndikanaona bwino koyamba komweko. Ndikanamuuza Esinati zoona tsiku la phukusi lija, akanakhumudwa madzulo amodzi okha. Koma ndisanamizire miyendo. Kamodzi ndi theka kanali kokwanira. Lamulo la Che Saidi linali la nyama, kumene kudikira kumapulumutsa moyo ndipo kufulumira kumapha. Palibe anandiuza kuti kumene kuli anthu ako pansi pa phiri zimatembenuka, ndipo ine, ndi maso anga onsewa, sindinazione ndekha.

Tadala, usagule sikopu. Tenga yangayi. Ndi yakale koma galasi lake ndi loyera, silinachitepo nthunzi. Ugule miyendo yokha, yolemera, ndipo uitukwane pokwera phiri. Ukamawerenga nyama, ona katatu monga ndinaphunzirira. Koma ukadzaona chinthu chikulozera kumene kuli munthu, kaya ndi moto, kaya ndi njovu, kaya ndi madzi, kuwa pa kuona koyamba. Akuseke. Akuchotse ntchito ngati akufuna. Yamikani, nawenso wamva.

Miyendo yopepukayo musaitaye ndipo musaitenge. Ndi chinthu chomaliza chimene mwana wanga anandigulira, ikhale pano pakhonde.

Mukamaliza kuwerenga musabwere kudzandiuza kuti sichinali chifukwa changa. Amenewo ndi mawu a anthu amene sanaike diso pagalasi. Ngati mukufuna kukhala masiku osandilankhula, khalani, ndikudziwa mmene zimakhalira. Ngati mukufuna kupita kwa azakhali anu ku Bangwe, sindikuletsani. Kope lino ndilisiya pa tebulo, pansi pa chitini cha shuga, ndipo ine ndikhala panja.

Agogo anga anataya mgolo umodzi chifukwa ndinakuwa msanga, tinadya mapapaya sabata imodzi, Lolemba lotsatira anatchezanso wina. Ndakhala zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi ndikuopa kutayitsanso mgolo. Amayi anu anandifunsa kuti ndaona chiyani, ndipo ine ndinati palibe.